Momwe mungatsimikizire ndi masamu kuti firiji ya katemera siizima

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Salima mukukudziwa, ndipo katemera ambiri safuna kuchoka pakati pa madigiri 2 ndi 8. N'chifukwa chake mmisiri akamalumikiza firiji pachipatala chaching'ono chakumudzi amaika njira ziwiri, magetsi a mawaya ndi sola ya batire, n'kudziguguda pachifuwa kuti, "Ina ikafa, inzake igwira." Mawu amenewa pali njira yowayesera asanawayese mavuto. Ndi njira yomwe amagwiritsanso ntchito opanga ndege ndi sitima, koma laputopu wamba imakwanitsa.

Choyamba, lembani tsoka limodzi lokha lomwe mukuliopa. Musalembe kuti "makina avute", chifukwa pamenepo simunanene kanthu. Lembani kuti: firiji yasowa magetsi.

Kenako jambulani mtengo wa zifukwa, womwe akatswiri amautcha fault tree. Anayamba kuugwiritsa ntchito ku Bell Labs ku America mu 1962, pofufuza za mizinga ya Minuteman. Tsoka lija likhale pamwamba, ndipo m'munsi mwake muzifunsa kuti chingalibweretse n'chiyani. Mphambano zake ndi ziwiri. Pali ya "ndi", pomwe zinthu zonse ziyenera kufa kuti tsoka lichitike: mawaya azime ndi sola ife. Pali ya "kapena", pomwe chimodzi chokha chikwanira: sola imafa batire ikatha, kapena invata ikapsa, kapena fyuzi ikaduka. Tsikani mpaka mufike pa zinthu zoti mungaziloze ndi chala.

Chachitatu ndi kusankha pulogalamu yotsimikiza masamu, theorem prover. Ntchito yake ndi ya mphunzitsi wouma mtima amene salola yankho lopanda njira yake yonse. Zodziwika ndi Coq ya ku France, yomwe tsopano ikutchedwa Rocq, Isabelle ya ku Cambridge ndi Munich, ndi Lean yomwe Leonardo de Moura anaiyamba mu 2013. Zonsezi ndi zaulere. Woyamba kumene ndimamulangiza Lean, popeza imatheka kuiyesa pa intaneti osaiika m'kompyuta, bola bando ikhalepo.

Tsopano sandutsani mtengo uja kukhala mawu a pulogalamuyo. Chipangizo chilichonse chikhale ndi mayankho awiri okha, chafa kapena chili moyo. Mu Lean chizindikiro cha && chimaimira "ndi", pomwe || chimaimira "kapena". Mukatero lembani lonjezo la mmisiri lija momveka bwino: pa chilichonse chomwe chingachitike, ngati chafa ndi chipangizo chimodzi chokha, firiji ikhalabe yoyaka. Zipangizo zikakhala zochepa, lamulo la mu Lean lotchedwa decide limayesa zonse palokha. Zinayi zimapereka mitundu 16 ya zochitika. Zikafika 30 mitunduyo imaposa biliyoni imodzi, ndipo apo kuwerenga imodziimodzi sikuthandizanso, mumayenera kumanga umboni pang'onopang'ono, nthambi ndi nthambi.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndi pomwe ine ndinagwa chagada. Nthawi ina ndinalemba mtengo wotere wa firiji ya pachipatala china kuno, Lean n'kuvomera msangamsanga. Ndinasangalala. Mawa lake nditapita ndi tesita kukatsata mawaya enieni, ndinapeza kuti njira zonse ziwiri zikudutsa pa siwichi imodzi yosinthira magetsi, kabokosi kotuwa kokhomedwa kuseri kwa chitseko, kodzaza ndi zisa za mavu. Papepala langa panalibe. Nditakawonjezera, mzere wa tsoka unakhala mawaya && sola || siwichi, kutanthauza kuti firiji imazima mawaya ndi sola zikafa zonse, kapena siwichi yokha ikafa, ndipo Lean inakana lonjezo lija nthawi yomweyo. Pulogalamuyi sinaname poyamba paja. Inatsimikiza zomwe ndinaiuza, ndipo wosiya siwichi ndinali ine. Choncho gawo lachisanu, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, silichitikira pa kompyuta: tengani pepalalo, muyende nalo waya ndi waya.

Vuto lomweli linagwetsa roketi ya Ariane 5 pa 4 Juni 1996, patangotha masekondi pafupifupi 40 itanyamuka. Inali ndi makompyuta awiri oyeza kayendedwe kake, wina wodikirira mnzake akafa. Koma onse anali ndi pulogalamu imodzi yochokera ku Ariane 4, ndipo nambala yaikulu itakanika kukwana m'kamalo kakang'ono kosungiramo nambala, ka mabiti 16, onse awiri anafa imfa imodzi.

Mukafuna kuwerengeranso mwayi woti tsoka lichitike, samalani ndi kuchulukitsa. Tiyerekeze kuti mawaya amazima tsiku limodzi pa masiku 10, sola nayo chimodzimodzi. Ambiri amathamangira kunena kuti zonse zifera limodzi kamodzi pa masiku 100. Masamu amenewa amagwira pokhapokha ngati imfa ziwirizo sizikukhudzana, ndipo pulogalamu yotsimikiza siikulolani kuchulukitsa musanalembe poyera kuti mukuganiza choncho. Mukamalemba, dzifunseni za Januwale: mvula yamkuntho yomwe yagwetsa mapolo ndi yomweyonso yaphimba dzuwa masiku atatu, ndipo mphenzi imodzi imatha kuwotcha zonse.

Pomaliza fufuzani mawu akuti sorry m'fayilo yanu. Mu Lean amatanthauza kuti "apa ndidzatsimikiza tsiku lina", ndipo pulogalamu imangochenjeza n'kupitirira. Akatsala ngakhale amodzi, umboni sunathe. Sungani fayiloyo pamodzi ndi chithunzi cha mawaya, mulembepo tsiku. Wina akadzalumikiza babu kapena chaja ya foni pa batire lomwelo, mtengo wasintha, ndipo muyenera kuupititsanso ku Lean.