Kukumba mayenje kuti chimanga chipirire ng'amba

Chimanga chimafuna madzi kwambiri panthawi yomasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Mvula ikadula masabata awiri kapena atatu panthawiyi, ndevu zimachedwa kutuluka, mungu n'kuthothoka pachabe, ndipo kutentha kukadutsa madigiri 35 munguwo umafa. Mapesi amatha kuoneka athanzi koma chisononkho chili ndi njere zowerengeka. Izi n'zomwe zinachitika mu 2024 pamene El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno, anaumitsa minda, boma la Malawi n'kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, Zambia ndi Zimbabwe nawonso chimodzimodzi. Popeza dziko likutenthera, ng'amba yotere tiyiyembekezere kawirikawiri, ndipo mayenje ndi njira yosafuna ndalama yosungira madzi pomwe pali mizu.

Yambani kukumba mukangokolola, mu Meyi mpaka Julayi, dothi lisanaume gwa. Amene amadikira Okutobala amatopa msanga n'kukumba timaenje tosazama, tomwe sitithandiza kanthu. Mangani mfundo pachingwe motalikirana masentimita 70 kuti zizikusonyezani pokumba dzenje lililonse, ndipo mizere italikirane masentimita 90. Dzenje lililonse likhale masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya kwake. Pa ekala imodzi pamakwana mayenje pafupifupi 6,400, choncho kumbani pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Kuyako musakunyalanyaze. M'munda womwe wakhala ukulimidwa ndi khasu zaka zambiri, pansi pa mizere pamakhala dothi lolimba ngati njerwa. Mizu ikafika pamenepo imapindika n'kuyenda cham'mbali, madzi nawonso sadutsa, amangothamanga n'kukokolola nthaka. Dzenje likaboola dothi limeneli, mizu imatsika kukamwa chinyezi chapansi, ndipo ndi chimenecho chomwe chimapulumutsa mbewu dzuwa likawomba. Pamalo otsetsereka, utali wa dzenje upingase kumene madzi amalowera, dothi lokumbalo muliike chakumunsi.

M'dzenje lililonse thirani manyowa owolerana bwino odzadza manja awiri, musakanize ndi dothi lapamwamba, mukwirire n'kusiya kampata ka masentimita 5 kokhalamo madzi. Ndowe zaziwisi ayi: zimawotcha mbewu ndiponso zimabweretsa njere za udzu. Ngati muli ndi thumba limodzi la NPK la makilogalamu 50 pa ekala, dzenje lililonse lipeza magalamu pafupifupi 8. Fetelezayo asakhudzane ndi njere. Urea thirani pakatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, dothi lili lonyowa, ndipo mukwirire chifukwa akakhala pamtunda mphamvu yake imauluka.

Musadzale ndi chizimalupsa. Dikirani mvula yomwe yanyowetsa dzenje mpaka pansi, kenaka dzalani tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ikani njere zinayi motalikirana m'litali mwa dzenje, osati pamulu, zikamera mupatulire kutsale zitatu. Kumadera a mvula yochepa sankhani mbewu yocha msanga monga Kanyani. Kukakamira mbewu yochedwa chifukwa cha zisononkho zake zikuluzikulu kungasiye banja lopanda chakudya.

Pakati pa mayenje phimbirani ndi mapesi ndi udzu wopanda njere. Zophimbirazi zimachepetsa kuuma kwa nthaka komanso mphamvu ya madontho a mvula. Adani ake ndi moto wa osaka mbewa ndi ziweto zongoyendayenda, ndiye nkhaniyi ifike kwa amfumu kuti mudzi wonse ugwirizane. Ena amaopa chiswe, komatu chiswe chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo m'malo molimbana ndi chimanga chachiwisi.

Chaka choyamba udzu umavuta chifukwa simunautembenuze. Palirani udakali waung'ono, mongopala pamwamba, ndipo musalole kuti ubereke. M'madambo ndi m'dothi lamakande momwe madzi amadikha, mayenje amasanduka zithaphwi, chimanga n'kuchita chikasu. Kumeneko pitirizani ndi mizere. Mayenje akumbidwe pamalo omwewo chaka ndi chaka kuti chonde chiunjikane, ndipo pakatha zaka ziwiri dzalanimo soya, mtedza kapena nandolo kuti nthaka ipeze nayitrojeni komanso kaufiti achepe.