Kaonetsedwe ka filimu yakale yopanda mawu kuti a pakhomo asagone

Kuno ku Salima kukatentha madzulo timayala mphasa panja n'kutsamiritsa foni pa ndowa, ndiye ndapeza zoti mafilimu akale aja, opangidwa 1927 isanafike anthu asanayambe kumveka poyankhula, amakoma zedi bola pakhale wina wofotokozera ngati momwe amachitira ma DJ a mu vidiyo sho.

Yambani ndi The Cheat ya 1915, yotsogoleredwa ndi Cecil B. DeMille, ndi ya pafupifupi ola limodzi basi ndiye bandulo simuidandaula. Dawunilodani masana, muionere nokha kaye kamodzi kuti mudziwe pomwe pakubwera mawu olembedwa pa sikirini, poti ndi achingerezi ndipo sachedwa kuchoka, inuyo ndi amene muziwauza agogo m'Chichewa.

Nkhani yake musaitalikitse, ingoibweretsani pafupi. Mayi wokonda kutchena ndi msungichuma wa ndalama za Red Cross, watapa madola 10,000 a gulu kuti akaswane pa msika wa masheya, ndalama zija zalowa m'madzi zonse. Apa ingonenani kuti msungichuma wa banki mkhonde waoda usipa ndi ndalama za anzake usipawo n'kuvunda, muona amayi onse akhala tsonga. Poopa manyazi akukakongola kwa bwana wina wolemera, amene mbali yake akuisewera ndi katswiri wa mafilimu Sessue Hayakawa, koma katapila wake uyu safuna chiwongoladzanja, akufuna mayiyo. Mwamuna wake atapeza ndalama mayi akuti abweze, bwana uja akukana n'kumudinda chitsulo chamoto paphewa, mayi akumuombera ndi mfuti, ndiye mwamuna n'kuuza apolisi kuti ndaombera ndine. Pachitsulo pamenepo ana akhale atakagona chonde.

Cholakwika chomwe ndinkachita ine poyamba ndi kulongolola osapuma. Ayi, mukawerenga mawu olembedwa khalani chete, anthu aone okha maso, manja, zithunzithunzi pa chitseko cha pepala cha kunyumba kwa bwana uja, chifukwa osewerawa ankayankhula ndi nkhope. Hayakawa ndiye sagwedezeka n'komwe koma akangoyang'ana mumamva tsemwe. Nyimbo musaizimitse, ingotsitsani pang'ono, kale m'maholo mumakhala munthu woimba piyano pompo filimu ikuyenda.

Wina akafunsa kuti bwanayo ndi wa kuti, kope yoyamba inkati ndi wa ku Japan, anthu a ku Japan okhala ku America anadandaula, pofika 1918 anasintha kuti ndi wa ku Burma, ndiye zimatengera kope yomwe mwapeza.

Za kukhoti musaulule olo akuchondelereni. Imitsani filimu pomwe mwamuna walowa m'chitokosi mufunse azibambo alipowo kuti akanavomera mlandu wa akazi awo kapena ayi, kwathu mkangano wake unatha batire la foni litafa, tinamalizitsa mawa lake.