Mmene ndinakonzera mpikisano wathu womanga njanji za zidole

Ulendo woyamba mpikisano wathu unasokonekera. Ndinangouza anzanga a m'gulu kuti aliyense amange kachigawo kake ka njanji, kenako tidzalumikize. Tsikulo litafika, zigawo zinakana kugwirizana. Ena anamanga pa sikelo (muyeso wa kuchepa kwa chidole poyerekeza ndi sitima yeniyeni) yotchedwa HO, ya 1:87, imene njanji zake zimatalikirana mamilimita 16.5, pamene ena anasankha N, ya 1:160, ya mamilimita 9 okha. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti anzathu amene analibe ndalama zambiri anagwa ulesi ataona tinyumba togula ta anzawo, n'kusiyira panjira.

Ndinakhala pansi n'kulembanso malamulo. Tonse tinagwirizana za N, chifukwa imadya malo ochepa. Ndinadula kathabwa kamodzi koyezera, kosonyeza msinkhu wa chigawo ndi pamene njanji iyenera kuthera m'mphepete, ndipo aliyense anayezera pomwepo.

Koma lamulo limene linabweza anthu ndi lakuti zogula zikhale njanji, guluu ndi penti basi. Zina zonse zichokere ku zinthu zotayidwa. Makatoni anasanduka nyumba ndi milatho. Utuchi wonyikidwa mu penti wobiriwira, utauma, unakhala udzu. Mapiri tinawaumba ndi nyuzipepala zoviika m'guluu wosungunula ndi madzi, ndipo mitengo tinapota ndi timawaya ta m'zingwe zakale zamagetsi. Mitengo imeneyi ndimaikonda kuposa yogula, chifukwa palibe iwiri yofanana.

Injini tinagwiritsa ntchito imodzi, ya gulu lonse. Inayenda kuchoka pa chigawo choyamba mpaka chomaliza osaphonya njanji.