Timabwato tapabeseni: kuphunzitsa ana kusintha chinthu chimodzi basi

Aphunzitsi ndi makolo, phunziro ili silifuna zipangizo zambiri. Pezani mabeseni awiri a madzi, mchere, mapepala a foyilo (achitsulo chopyapyala, okulungira chakudya) odulidwa mofanana, masentimita 15 mbali zonse, ndi ndalama zachitsulo za mtundu umodzi zoti zikhale katundu.

Poyamba asiyeni ana aumbe timabwato momwe akufunira, aziikamo ndalama imodziimodzi mpaka kabwato katamira. Sipatenga nthawi, mkangano ubuka. Wina ati kake kapambana chifukwa n'kotambalala pansi, mnzake ati ayi, koma chifukwa n'kakuya. Inu musaweruze. Afunseni kuti, "Tidziwa bwanji?" Timabwato tiwirito tasiyana m'zinthu zitatu kapena zinayi, ndiye palibe amene angaloze chomwe chapambanitsa kamodziko. Phunziro lenileni layambira pamenepa.

Tsopano agwirizane: tisintha chinthu chimodzi, tiwerenga chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwemo. Ine ndimalangiza kuyamba ndi madzi, osati kaumbidwe ka bwato. Pepala likakhala lomwelo, mukatambalalitsa pansi m'mbali mumafupika, ndiye mwasintha ziwiri mosadziwa. Kabwato kakhale komweko. Beseni lina likhale ndi madzi wamba, lina madzi amchere. Madzi wambawo ndiwo poyerekezera.

Mcherewo musaumire. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, ndipo kusiyana kwake n'kochepa moti ndalama sizingakuonetse bwino. Sungunulani magalamu 300 pa lita, ana aone ndi maso awo kabwato kakunyamula zochulukirapo.

Asanaike ndalama yoyamba, aliyense alembe zomwe akuganiza kuti zichitika. Ayese katatu m'beseni lililonse, n'kulemba zonse, ngakhale zosawakomera. Apa muwayang'anitsitse, chifukwa ana sachedwa kufufuta nambala yomwe yawakhumudwitsa! Onaninso manja awo. Wina amaika ndalama mosamala pakatikati, wina amangoponya, wina amaunjika mbali imodzi kabwato n'kupendekeka madzi n'kulowa. Ndalama zonyowa nazo zimabweretsa madontho m'bwato. Munthu mmodzi ndiye aziika, ndipo azipukuta ndalama ndi kabwato komwe asanayambenso.

Chifukwa chake muwauze pamapeto, akamaliza kuwerenga. Bwato limayandama likakankha madzi olemera mofanana ndi ilo pamodzi ndi katundu wake, mfundo yomwe Archimedes wa ku Syracuse anafotokoza zaka zoposa 2,200 zapitazo. Mililita imodzi ya madzi wamba imalemera galamu imodzi, pomwe ya madzi amchere imaposa pamenepo, n'chifukwa chake amanyamula zambiri.

Tsiku lotsatira asankhe okha choti asinthe. Asanakhudze madzi, gulu lililonse litchule zinthu zitatu zomwe silisintha.