Kodi inshuwalansi ya gap ndi yoyenera kulipira mukamagula galimoto pangongole mu Harare?

Munthu akagula galimoto pangongole, pamakhala ziwerengero ziwiri zimene zimatsika mwezi ndi mwezi, koma sizitsika pa liwiro limodzi. Choyamba ndi ndalama imene yatsala kuti abweze kubanki, ndipo chachiwiri ndi mtengo umene galimotoyo ingagulidwe itati igulitsidwe lero. Galimoto ikabedwa, kapena ikachita ngozi n'kuphwanyika mwakuti kuikonza kungadye ndalama zambiri kuposa zoyenera, kampani ya inshuwalansi imalipira mtengo wa galimotoyo pa tsiku la ngozi, ndipo siyang'ana kukula kwa ngongole yanu. Ngati ngongole ili pamwamba pa mtengowo, zotsalazo banki imazifuna kwa inu, ngakhale pakhomo palibenso galimoto. Inshuwalansi ya gap ntchito yake ndi kutseka mpata umenewu basi, ndipo ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagula magalimoto, imadziwika ndi dzina loti credit shortfall, choncho pofunsa kubanki ndi bwino kutchula mayina onse awiri.

Maganizo anga ndi akuti ambiri mwa ogula galimoto pangongole muno mu Harare safunikira inshuwalansi imeneyi, koma ochepa amene akuifunikira amaifunikiradi kwambiri, ndipo munthu angathe kudziwa gulu limene alimo asanasaine pepala lililonse, pongogwiritsa ntchito cholembera ndi kapepala.

Yambani ndi kupempha ziwerengero. Kubanki kapena kukampani yobwereketsa ndalama, pemphani ndandanda yosonyeza mmene ngongole idzatsikire mwezi uliwonse mpaka kumapeto, yosiyanitsa gawo lopita ku chiwongoladzanja ndi gawo lochepetsa ngongole yeniyeniyo. Ogulitsa amakonda kutchula ndalama ya pamwezi yokha chifukwa ndiyo imakoma m'khutu, koma pa nkhani ya gap chiwerengero chimenechi sichikuuzani kanthu. Kukampani ya inshuwalansi funsani mtengo umene iwo akuika pa galimotoyo, ndiponso ngati pa tsiku la ngozi adzalipira mtengo wapamsika kapena mtengo umene munagwirizana pachiyambi. Funsaninso za excess, ndalama imene amadula pa malipiro onse kuti mwini galimoto asenze yekha. Musadabwe mukapeza kuti mtengo wa a inshuwalansi ndi wotsikirapo poyerekeza ndi umene mukulipira pabwalo logulitsira magalimoto, pakuti mu mtengo wa galimoto yochokera ku Japan imene yalowera pa Beitbridge kapena pa Chirundu muli msonkho wa ZIMRA, ndalama zoyendetsera ndi phindu la wogulitsa, pamene munthu woyesa mtengo amangoyang'ana zimene galimoto zofanana nayo zikugulidwa.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, ndipo inu muikemo ziwerengero zanu. Galimoto ikugulidwa US$20,000. Wogula woyamba sanapereke dipoziti, ndipo ndalama zolembetsera ngongole pamodzi ndi inshuwalansi ya chaka choyamba, zokwana US$1,000, zaphatikizidwa m'ngongole momwemo, kotero wabwereka US$21,000 yobweza pa miyezi 60 ndi chiwongoladzanja cha 15 peresenti pachaka. Pamwezi azilipira pafupifupi US$500. Chaka chikamatha amakhala atapereka pafupifupi US$6,000, koma ngongole yangotsika kufika pa US$17,950, chifukwa pafupifupi theka la zimene wapereka lapita ku chiwongoladzanja. Umu ndi mmene ngongole zotere zimayendera: miyezi yoyambirira chiwongoladzanja chimawerengeredwa pa ndalama yaikulu, motero ngongole imatsika pang'onopang'ono nthawi yomwe mtengo wa galimoto ukutsika mofulumira. Tiyerekeze kuti galimotoyo yabedwa pa nthawiyi, woyesa mtengo wati inali ya US$16,000, ndipo excess ndi US$800. Kampani ipereka US$15,200 molunjika kubanki, chifukwa banki ndiyo imalembedwa kukhala yoyamba kulandira, ndipo wogula uja atsala ndi ngongole ya US$2,750 pa galimoto imene kulibe.

Wogula wachiwiri watenga galimoto yomweyo, koma wapereka dipoziti ya US$6,000, walipira yekha zolembetsera, ndipo wabwereka US$14,000 pa miyezi 36 ndi chiwongoladzanja chomwecho. Pamwezi azilipira pafupifupi US$485, ndalama yosasiyana kwenikweni ndi ya mnzake uja. Chaka chikamatha ngongole yake ili pafupifupi US$10,000, ndipo galimoto ikabedwa, US$15,200 ija ithetsa ngongole yonse n'kumusiyira zoposa US$5,000 zoyambira kufunafuna ina. Munthu ameneyu analibe mpata kuyambira tsiku loyamba, ndipo atalipira inshuwalansi ya gap akanakhala akutaya ndalama m'madzi.

Pa zitsanzo ziwirizi mukuona kuti zimene zimabala mpata ndi dipoziti yochepa, nthawi yaitali yobwezera, ndi zinthu zina zowonjezeredwa m'ngongole. Palinso mgwirizano wa balloon, umene gawo lalikulu la ngongole limasiyidwa kuti lidzalipidwe nthawi imodzi kumapeto. Mgwirizano wotere umapeputsa ndalama ya pamwezi, koma umasunga ngongole ili pamwamba kwa zaka zonse, ndipo aliyense amene wausaina ndingamulangize kutenga gap mosazengereza, atatsimikiza kuti gapyo ikuphimbanso gawo lakumapetolo, chifukwa si onse amatero. Mtundu wa galimoto nawo uli ndi mbali yake. Galimoto yatsopano imataya mtengo kwambiri m'zaka zoyambirira, pamene Honda Fit kapena Toyota Aqua inataya kale gawo lalikulu la mtengo wake isanafike kuno, ndipo ogula ake sasowa mumzinda muno.

Funso lomaliza pa kuwerengera kumeneku ndi la m'thumba mwanu. Ngati mpata waukulu umene mwapeza ndi wa madola mazana ochepa, ndipo muli ndi ndalama yosunga imene ingaulipire popanda kukhudza lendi ya nyumba kapena fizi ya ana, mungathe kusenza nokha. Ngati mpatawo ndi wofanana ndi malipiro anu a miyezi itatu kapena inayi, ndipo galimotoyo ndi imene imakutengani kuchokera ku Mabvuku kapena ku Mufakose kupita kuntchito m'tauni, ganizirani bwino, chifukwa mudzafunika kulipira ngongole yakale, kukwera kombi tsiku ndi tsiku, ndi kusonkhanitsa dipoziti ya galimoto ina, zonsezi nthawi imodzi.

Tsopano ndifike pa mbali imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa kugula kapena kusagula gap. Inshuwalansi imeneyi siyima payokha; imalipira pokhapokha kampani ya inshuwalansi yanu ya comprehensive, imene imaphimba galimoto yanu yomwe ikabedwa kapena ikachita ngozi, itavomera kulipira. Inshuwalansi ya third party, imene lamulo la Zimbabwe limafuna pa galimoto iliyonse ndiponso imene mumaonetsa pogula laisensi ya ZINARA, imateteza anthu ena ndi katundu wawo, ndipo pa galimoto yanu silipira kalikonse. N'chifukwa chake mabanki amaumirira comprehensive. Koma comprehensive ikadumpha chifukwa simunalipire mwezi wina, kapena ikakanidwa chifukwa woyendetsa analibe chiphaso choyendetsera, kapena anali ataledzera, gap nayo imagwera pomwepo. Choopsa chimene chimakola anthu ambiri kuno ndi kugwiritsa ntchito galimoto pa bizinesi imene simunaulule. Munthu amalembetsa kuti galimoto ndi yapakhomo ndi yopitira kuntchito, kenako ngongole ikamuthina amayamba kunyamula anthu olipira madzulo ngati mushikashika, kapena kuipereka kwa mphwake kuti azipezerapo kangachepe. Ndimamvetsa chimene chimamukankha munthu kuchita zimenezi, koma ngozi ikachitika muli anthu olipira m'galimoto yolembetsedwa kuti ndi yapakhomo, kampani ili ndi mphamvu yokana, ndipo apo mpata sukhalanso wa US$2,750, umakhala ngongole yonse. Ngati mukudziwa kuti mudzanyamula anthu kapena katundu wa malonda, nenani pachiyambi ndipo mulipire inshuwalansi yoyenera ntchitoyo, ngakhale ikhale yokwera mtengo.

Chimodzimodzinso ndi maulendo akumudzi. Ambiri mwa ife timapita ku Malawi kumaliro, kuukwati kapena pa Khirisimasi, podzera pa Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka Mwanza. Yellow Card, inshuwalansi yodutsira malire ya bungwe la mayiko la COMESA, imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma kwenikweni ndi ya third party ndipo siphimba galimoto yanu, ndipo Mozambique sali m'bungwe la COMESA. Musananyamuke, werengani mgwirizano wanu wa comprehensive kuti muone mayiko amene ukuphimba, dziwitsani kampani za ulendowo, ndipo pemphani kubanki kalata yololeza kutulutsa galimoto m'dziko, popeza ngongole isanathe banki ili ndi gawo pa galimotoyo. Ngozi ya ku Tete imene comprehensive yaikana, gap siingailipire.

Nkhani ya mtundu wa ndalama ndi yathu yathu muno mu Zimbabwe, ndipo alangizi akunja saitchula. Ndalama ya dziko lino ya ZiG inayamba mu April 2024, ndipo kumapeto kwa September chaka chomwecho Reserve Bank of Zimbabwe inaitsitsa mphamvu kuchoka pa pafupifupi 14 kufika pa pafupifupi 24 pa dola imodzi ya ku America. Munthu amene ngongole yake inali m'madola koma galimoto anailembetsa mu ZiG anadzuka tsiku limodzi chitetezo chake chitachepa kwambiri pamene ngongole ili pomwepo. Mapangano ambiri a inshuwalansi alinso ndi ndime yonena kuti ngati mwalembetsa katundu pa mtengo wochepera mtengo wake weniweni, malipiro nawo amachepetsedwa molingana ndi kuchepako. Inshuwalansi ya gap kawirikawiri imawerengera kuyambira pa mtengo weniweni wa galimoto, ndipo dzenje limene mwadzikumbira polembetsa mtengo wochepa silikwiriridwa. Onetsetsani kuti ngongole, comprehensive ndi gap zonse zili mu ndalama ya mtundu umodzi, ndipo musachepetse dala mtengo wa galimoto pofuna kupeputsa malipiro a pamwezi.

Mukasankha kugula gap, musavomere yoyamba imene yaikidwa patsogolo panu tsiku losaina, pamene mtima uli kale pa makiyi. Pemphani mgwirizano wake wolembedwa mukauwerengere kunyumba, ndipo mufunse mtengo kukampani imene ikukupatsani comprehensive, kapena kwa broker, mkhalapakati wa za inshuwalansi, wolembetsedwa ndi Insurance and Pensions Commission, bungwe la IPEC limene limayang'anira za inshuwalansi m'dziko muno. Pa mgwirizanowo yang'anani ngati excess ikulipiridwa, pakuti m'chitsanzo chathu chija gap yosaphimba excess ikanapereka US$1,950 yokha n'kumusiyira wogula US$800. Yang'anani malire a ndalama imene angalipire, ndiponso ngati ikugwira ntchito pa kubedwa ndi pa ngozi pomwe. Dziwani kuti miyezi imene munalumpha osalipira kubanki, pamodzi ndi zilango zake, kawirikawiri siwerengeredwa, ndipo gap wamba sikubwezerani dipoziti kapena kukugulirani galimoto ina, imangothetsa ngongole. Musaisokonezenso ndi inshuwalansi ya moyo imene mabanki amaika pa ngongole, imene imalipira wobwereka akamwalira kapena akalumala, chifukwa anthu ena amaona mzere wa inshuwalansi pa pepala la banki n'kuika mtima pansi poganiza kuti ndi gap.

Kalipiridwe kake nakonso ndi kofunika kukayang'anitsitsa. Mtengo wonse wa gap ukaphatikizidwa m'ngongole, mumaulipirira chiwongoladzanja kwa zaka zonse, ndipo mumakulitsa mpata womwewo umene mukufuna kutseka. Ndi bwino kulipira mwezi ndi mwezi, kapena chaka ndi chaka, kuti mudzathe kusiya nthawi ikakwana. Ngati palibe kuchitira mwina koma kulipira nthawi imodzi, funsani kuti alembe ngati adzabweza gawo lotsala mukamaliza ngongole msanga kapena mukagulitsa galimoto. Kenako wonkhetsani zonse zimene mudzalipire pa gap n'kuziyerekeza ndi mpata waukulu umene munapeza pakapepala paja; ngati ziwerengero ziwirizi zayandikana, ndi kwabwino kuika ndalamazo pa dipoziti.

Tsoka likagwa, kanenani kupolisi mwamsanga, dziwitsani kampani ya comprehensive, ya gap ndi banki mkati mwa masiku amene mgwirizano ukunena, ndipo pemphani kubanki kalata yosonyeza ngongole yotsala pa tsiku la ngozi. Pitirizani kulipira ndalama ya pamwezi pamene mapepala akuyendetsedwa, ngakhale zimawawa kulipirira galimoto yophwanyika, chifukwa zilango za kuchedwa zidzakhala zanu. Mukaona kuti mtengo umene woyesa waika ndi wotsika mopanda chilungamo, sonkhanitsani mitengo ya galimoto zofanana nayo chaka ndi mtunda umene zayenda, muipereke polemba kalata, ndipo ngati simukumvana ndi kampani, IPEC imalandira madandaulo a anthu olembetsa inshuwalansi.

Ngozi ikapanda kuchitika, bwerezani kuwerengera kuja kamodzi pachaka, nthawi yokonzanso comprehensive. Wogula woyamba uja ngongole yake imakhala pafupifupi US$14,400 pakatha zaka ziwiri, ndi US$10,300 pakatha zaka zitatu. Chaka chimene mtengo wa galimoto, mutachotsapo excess, wapitirira ngongole yotsala, lembani kalata yothetsa gap, ndipo ndalama imene munkailipira muyambe kuiwonjezera pa zobweza kubanki, mutafunsa kaye ngati mgwirizano wanu ukulola kubweza mopitirira popanda chilango.