Polembetsa Kiliniki ku Inshulansi ya Zaumoyo, Yambani ndi Dzina

Inu eni makiliniki ndi mafamase, ngati mukufuna kuti mamembala a MASM kapena bungwe lina la inshulansi ya zaumoyo azithandizidwa pakhomo panu, musathamangire kulemba fomu. Yambani mwayala mapepala anu onse patebulo, muwerenge dzina lomwe lili pa pepala lililonse.

Ambiri amagwera pomwepa. Satifiketi ya bizinesi yochokera kwa Registrar General ili ndi dzina la kampani, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA munatenga m'dzina lanu, layisensi ya Medical Council of Malawi ili ndi dzina la pachikwangwani, pomwe akaunti ya kubanki ndi ya mayi a kunyumba. Kwa inu zonsezi ndi chipatala chimodzi. Koma wowunika mafomu sanafikepo kwanu, iye akuona anthu anayi osiyana, ndipo sangavomere kuti ndalama za kampani zizilowa mu akaunti ya munthu wina. Ngakhale mawu oti Limited, akakhala papepala lina n'kusowa pa linzake, fomu ikhoza kubwezedwa. Konzani kaye mayinawo ku maofesi omwe anapereka mapepalawo. Kenaka pemphani kubanki kalata yodinda yosonyeza dzina la akaunti, nambala ndi nthambi, ndipo nambalayo muikopere kuchokera pakalatayo, osati pamtima.

Ogwira ntchito nawo aliyense ali ndi bungwe lake. Madokotala, ma clinical officer ndi a mu labotale amalembetsa ku Medical Council. Anamwino ndi azamba ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi. Za mankhwala amayang'anira a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), omwe kale ankatchedwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo makina a X-ray amafuna chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority. Musamangoona kuti chiphaso chilipo, onani tsiku lomwe chikutha. Chimene chatsala ndi mwezi umodzi chikhoza kutha fomu yanu isanawunikidwe, ndiye ndi bwino kuchikonzetsa musanatumize. Namwino amene anasintha dzina atakwatiwa, chitupa cha unzika chikunena dzina lina ndipo satifiketi ya kusukulu lina, aphatikizepo kalata ya ukwati kapena yolumbira.

Pa ndime ya ntchito zomwe mumagwira, lembani zokhazo zimene layisensi yanu ikulola. Kulemba kuti mumachiritsa amayi oyembekezera chifukwa mukuganiza zomanga wodi chaka chamawa n'kudzikola nokha, poti oyendera akafika adzafuna kuona chipindacho, zida ndi mzamba wake. Nthambi yatsopano imafunanso mapepala akeake. Layisensi ya ku Lilongwe siigwira ntchito pa nyumba yomwe mwatsegula ku Dedza.

Cholakwa chomwe chimaluzitsa ndalama zambiri ndi kuyamba kulandira mamembala kalata yovomereza isanabwere. Kupereka fomu si kuvomerezedwa, ndipo mawu a pafoni oti "zili bwino, yambani" sangakuthandizeni pofuna malipiro. Dikirani kalata kapena mgwirizano wosainidwa, wokhala ndi tsiku loyambira. Wodwala amene mwamuthandiza tsikulo lisanafike, bungwe likhoza kukana kumulipirira, mankhwala atatuluka kale pashelefu. Musanasaine, werengani mitengo yomwe bungwe limalipira pa ntchito iliyonse, masiku omwe mwapatsidwa otumizira mabilu, komanso chithandizo chomwe chimafuna chilolezo chawo musanachipereke.

Pokapereka mapepala tengani makope awiri, ina aidinde ndi tsiku lolandirira mubwerere nayo. Pafomu ikani nambala ya foni ndi imelo ya chipatala, osati ya kalaliki yemwe angasiye ntchito mawa n'kupita nawo mauthenga onse. Dokotala akachoka, mukalemba wina, mukasamuka kapena mukasintha akaunti, lemberani bungwe la inshulansi sabata yomweyo, ndipo kalata yakeyo muisunge mu fayilo imodzi ndi mgwirizano.