Dola yanu, dola ya boma: kukonza thumba la fizi ya ku koleji m'dera lanu ku America

Alimi a kumudzi amene analowapo m'magulu a AGCOM nkhaniyi amaidziwa: gulu lisonkhe kaye gawo lake, kenako pulojekiti ithirepo zake. Ku America nako kachitidwe kameneka kaliko, koma pa fizi ya ana opita ku koleji. Anthu a m'tauni imodzi, kapena makolo a pasukulu imodzi, amatsegula thumba n'kumaponyamo ndalama, ndipo boma la state yawo limawonjezera molingana ndi zomwe asonkhazo. Eni ake amati matching grant. Malangizowa ndi anu abale athu amene muli kumeneko, ku South Bend, ku Seattle ndi kwina, amene muli kale ndi magulu othandizana pa maliro ndi pa zikwati, koma tsopano ana akula, afika geredi 12, ndipo kalata ya ku koleji yayamba kusowetsa tulo.

Matumba a m'madera otere anatchuka ndi dokotala wa maso, Irving Fradkin, wa ku Fall River m'state ya Massachusetts. Mu 1958 iye anapempha kuti munthu aliyense wa m'tauniyo apereke dola imodzi yokha, ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale apite nayo ku koleji. Ganizoli linafalikira m'matauni ena ndi dzina loti Dollars for Scholars, ndipo bungwe lomwe limayang'anira nthambi zake lero ndi Scholarship America, la ku Minnesota. Onani kuti boma silinali poyambira. Linabwera pambuyo, litaona kuti anthu ayamba kale kulima okha.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha state ya Washington, kumene kuli Seattle kuja, osati Washington DC. Kumeneko kunali pulogalamu yotchedwa Community Scholarship Matching Grant. Gulu la m'dera lolembetsedwa mwalamulo likasonkha $2,000 ya fizi, boma limaperekanso $2,000. Ndalamayo si yochititsa kaso poyerekeza ndi mtengo wa koleji, koma kwa kagulu ka makolo ogulitsa makeke ndi kutsuka magalimoto, kunali kuwirikiza thukuta lawo kawiri. Chuma chitasokonekera kuchokera mu 2008, aphungu anaimitsa pulogalamuyi m'bajeti ya 2011 mpaka 2013, pamodzi ndi timapulogalamu tina tating'ono. Ngakhale ofesi yomwe inkaiyendetsa, Higher Education Coordinating Board, inathetsedwa mu 2012, m'malo mwake n'kubwera Washington Student Achievement Council. M'chaka cha 2011 chomwecho state yomweyo inayambitsa Washington State Opportunity Scholarship, momwe boma limafananiza dola pa dola ndalama zochokera kwa anthu ndi makampani, ndipo Boeing ndi Microsoft analonjeza $25 miliyoni aliyense. Khomo laling'ono linatsekeka, lalikulu n'kutseguka, koma lalikululo si la kagulu ka m'tchalitchi.

Ku Florida njira yake ndi ina. Bungwe la Florida Prepaid College Foundation lili ndi pulogalamu ya Project STARS, momwe ndalama za boma zimafananizidwa dola pa dola ndi zomwe mabungwe osapanga phindu abweretsa, ndipo zonsezo zimagulira mwana fizi ya ku koleji pasadakhale, iye akadali kusukulu. Bungwe la Take Stock in Children, lomwe linayamba mu 1995, limadalira kwambiri njirayi. Mwana amasaina pangano loti azikhoza bwino m'kalasi, azipewa mankhwala ozunguza bongo ndi milandu, komanso azikumana ndi mlangizi wake. Ku Iowa boma silipereka cheke ku gulu. Limabwezera wopereka uja 25 peresenti ya mphatso yake pa msonkho wa state, kudzera mu Endow Iowa, bola mphatsoyo ilowe m'thumba lokhazikika la community foundation yovomerezeka, ndiko kuti bungwe losunga ndi kugawa ndalama zachifundo za m'dera.

Ndafotokoza zitatuzi kuti muone kuti state iliyonse ili ndi mpeni wake, ndipo mpeniwo umasintha ndi bajeti. Musakonze gulu lanu ngati kuti ndalama ya boma ndiyo nsima. Ndi ndiwo. Funso loyamba pamsonkhano wanu likhale lakuti: boma litapanda kutipatsa kalikonse, tingathe kulipirira ana angati chaka chino, nanga chaka chamawa? Mukayankha limenelo, ndiye mutume mlembi akafunse ku ofesi ya state yoona za thandizo la ophunzira a m'makoleji ngati pali pulogalamu yofananiza, ngati aphungu aiikira ndalama chaka chino, ndiponso tsiku lotsekera mafomu. Pulogalamu imatha kukhalabe m'buku la malamulo koma m'thumba mwake mulibe kanthu.

Tsopano za mapepala, pomwe magulu athu ambiri amagwera. Walira mvula walira matope: mukafuna ndalama ya boma, mwafunanso mafomu ake. Boma silifananiza ndalama ya gulu la pa WhatsApp. Limafuna bungwe lolembetsedwa ku state ngati losapanga phindu, lokhala ndi nambala ya msonkho yotchedwa EIN, yomwe IRS, ofesi ya misonkho ya boma la America, imapereka ulere, komanso lovomerezedwa pansi pa gawo la 501(c)(3) la malamulo a msonkho, lomwe limamasula mabungwe achifundo ku msonkho. Gulu laling'ono, lomwe ndalama zake zolowa sizipitirira $50,000 pachaka ndipo katundu wake sapitirira $250,000, lingagwiritse ntchito fomu yaifupi ya 1023-EZ, yomwe malipiro ake akhala ali $275, pamene fomu yaitali ya 1023 ndi $600.

Ngati zimenezi zikukulemerani, pali njira ziwiri zodutsira. Mutha kukhala nthambi ya Dollars for Scholars, n'kubisala pansi pa chilolezo cha msonkho cha Scholarship America, mukumalipira kangachepe pachaka ndi kutsata malamulo awo. Kapena mutha kutsegula thumba lanu mkati mwa community foundation ya m'dera lanu, iwo n'kumasunga ndalama ndi kulemba malipoti, akumadulapo kagawo ka ntchito yawo. Inu a ku Indiana pamenepa muli ndi mwayi, chifukwa kuyambira mu 1990 Lilly Endowment yakhala ikulimbikitsa mabungwe otere m'state yonse ndi ndalama zofananiza, ndipo ku South Bend kuli Community Foundation of St. Joseph County. Ndalama za Lilly si za boma, koma kachitidwe kake n'kofanana. Kwa gulu lomwe msungichuma wake amagwira mashifiti awiri ku nursing home, ine ndimalimbikitsa njira yachiwiriyi, ya community foundation. Mudzataya ufulu pang'ono wosankha nokha chilichonse, koma mudzagona tulo.

Ndinakhalapo pamsonkhano wa gulu lina m'chipinda chapansi cha tchalitchi, Lamlungu masana, mbale za mpunga ndi nkhuku zili pambali, ana akuthamangathamanga m'makonde. Msungichuma, mayi wokhulupirika amene palibe akanamuloza chala, anatulutsa envelopu yofiirira ndi foni yake. Mu envelopumo munali ndalama za zitumbuwa ndi samusa zomwe anagulitsa pa chikondwerero cha 6 July, zina zitada ndi mafuta. Mufonimo munali ndalama zomwe anthu anamutumizira pa Zelle, mu akaunti yake yomwe amalandiriramo malipiro, zosakanikirana ndi za renti. Pakope panali mayina a anthu olonjeza, ambiri opanda chizindikiro choti apereka. Wapampando anawonkhetsa zonse zitatu n'kulengeza kuti gulu lakwanitsa. Anthu anawomba m'manja. Ndinachita kudikira kuti m'manja muthe ndisananene kuti pa zitatuzo palibe chimene ofesi ya boma ingawerenge. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimene ofesi imafuna kuona ndi sitetimenti ya ku banki ya dzina la bungwe, yoonetsa kuti ndalama inalowa tsiku lakuti.

Choncho tsegulani akaunti ya bungwe musanatolere ngakhale dola imodzi, yosaina anthu awiri a mabanja osiyana. Ndalama za pamalonda ziwerengedwe ndi anthu awiri pomwepo, alembe papepala, asaine, ndipo zikalowe ku banki tsiku lotsatira. Aliyense wopereka alandire lisiti. Wopereka $250 kapena kuposa nthawi imodzi amafunika kalata ya bungwe yotsimikiza mphatsoyo kuti akathe kuichotsera pa msonkho, ndipo kalatayo inene ngati analandirapo kanthu, kaya ndi chakudya cha paphwando. Za raffle samalani: malamulo ake amasiyana state ndi state, ndipo kwina amafuna chiphaso. Werenganinso bwino lomwe kuti pulogalamu yanu imawerenga ndalama ziti. Funsani ngati zomwe zinatsala chaka chatha zikulowa, ngati zochokera ku kampani imodzi yaikulu zikulowa, ndiponso ngati amawerenga ndalama zonse za paphwando kapena zotsala mutachotsa za holo ndi za DJ. Anzathu ogwira ntchito m'makampani omwe amafananiza mphatso za antchito awo, ngati Microsoft, asaiwale kudzaza fomu ya kuntchito. Imeneyo ndi dola ina yomwe imangotsala panjira.

Pa katoleredwe, phwando lalikulu la pachaka limasangalatsa koma limadya lokha phindu lake. Mabanja 20 opereka $10 pamwezi amafika $2,400 pachaka popanda kubwereka holo, ndipo mayina 20 pa sitetimenti amaonetsa kuti thumbalo ndi la dera, osati la bwana mmodzi.

Kusankha ana ndi pomwe ubale umayesedwa. Lamulo la msonkho silola kuti munthu apereke ndalama ku bungwe n'kunena kuti ipite kwa mwana wakutiwakuti, kenako n'kuitcha mphatso yachifundo. Imeneyo ndi fizi ya mwana wanu yomwe mwaidutsitsa pakhomo lina, ndipo ikhoza kulanditsa bungwe chilolezo. Lembani zoyenereza musanaone dzina la mwana aliyense: akhale wa sukulu ziti kapena dera liti, magiredi otani, kusowa kwake muyesa bwanji. Ine ndimalangiza kuti malire akhale a dera kapena sukulu, osati a mtundu kapena dziko lomwe makolo anachokera, makamaka pamene ndalama ya boma yalowamo. Ana athu adzapikisana ndi anzawo, ndipo aneba omwe si a kwathu adzayamba kuponyamo nawo. Wa m'komiti amene mwana wake, mdzukulu kapena mwana wa mchemwali wake wapempha nawo, chaka chimenecho akhale pambali, ndipo mlembi alembe m'maminitsi kuti anatuluka. Itanani mphunzitsi kapena munthu wina wakunja kwa gulu. Mafomu afike kwa osankha mayina atafufutidwa. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana, koma mudzayamika tsiku limene mwana wa a wapampando adzapambane mwachilungamo popanda wonong'ona.

Wina amafunsa nthawi zonse: nanga ana a kumudzi, sitingawatumizireko? Mtima umenewo ndi wabwino, koma thumba lake likhale lina, buku lake lina. Ndalama ya state imachokera ku msonkho wa anthu a state imeneyo, ndipo mapulogalamu a ku Washington ndi ku Florida omwe ndatchulawa ndi a ophunzira okhala komweko. Mukasakaniza, lipoti lanu silidzamveka.

Polipira, cheke chipite ku koleji, chitalembedwa dzina ndi nambala ya wophunzira, osati m'manja mwa mwana kapena kholo. Ndalama yolipira fizi, mabuku ndi zipangizo zofunika m'kalasi wophunzira salipirapo msonkho, koma ya chakudya ndi malo ogona imawerengedwa ngati ndalama yomwe wapeza. Ndiye pali msampha womwe makolo ambiri saudziwa. Koleji ina ikaona kuti mwana walandira $1,000 kuchokera kwa inu, imachotsa $1,000 pa thandizo lomwe inamupatsa, mwana n'kutsala pomwe anali. Amati scholarship displacement. State ya Maryland inaletsa mchitidwewu m'makoleji a boma mu 2017, ndipo New Jersey, Washington, Pennsylvania ndi California anatsatira ndi malamulo awo. Musanatumize cheke, mlembi alembere ofesi ya pakoleji yoona za thandizo la ndalama (financial aid) kufunsa kuti ndalamayo ikafika achotsa chiyani, ndi kupempha kuti ayambe kuchepetsa ngongole, osati thandizo laulere. Akakana, funsani ngati mungasunge ndalamayo kuti mudzalipire chaka chachiwiri. Scholarship America ili ndi makoleji omwe imagwirizana nawo, otchedwa Collegiate Partners, ndipo ena mwa iwo amawonjezeranso zawo pa sikolashipu ya Dollars for Scholars. Mwana aliyense wopempha kwa inu adzazenso FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la America, chifukwa Pell Grant yokha, ndalama yaulere ya boma kwa ophunzira osowa, yomwe m'chaka cha 2024 mpaka 2025 inkafika $7,395, imaposa zomwe magulu ambiri ang'ono angapereke.

Musathire zonse pa chaka choyamba. Mwana amene mwamuimbira nyimbo ndi kumujambula zithunzi mu June adzafunanso fizi chaka chotsatira, pamene anthu aiwala. Ngati muli ndi $4,000, kuthandiza ana awiri zaka ziwiri kumaposa kugawira ana asanu ndi atatu kamodzi.

Chotsala ndi kafomu kamene kamagwetsa mabungwe mwakachetechete. Bungwe laling'ono liyenera kutumiza Form 990-N ku IRS chaka chilichonse, pa intaneti, ndipo sikutenga nthawi. Ngati chaka chanu cha ndalama chimatha pa 31 December, tsiku lomaliza ndi 15 May. Mukadumpha zaka zitatu zotsatizana, chilolezo cha 501(c)(3) chimafafanizika chokha popanda wokuzengani mlandu, ndipo ambiri amadzazindikira tsiku lomwe akupempha ndalama ya boma. Zimachitika kwambiri komiti ikasintha, mlembi wakale n'kusamukira state ina ndi password yake. Pa msonkhano wopatsirana maudindo, wotuluka apereke kwa wolowa kalata ya IRS yovomereza bungwe, nambala ya EIN, masitetimenti a ku banki, buku la malisiti ndi password, anthu onse akuona, ndipo tsiku la 15 May lilembedwe pachikuto cha buku la maminitsi.